Moni m'chilankhulo chake, nambala papepala

Tsiku lachitatu chiyambireni geni, ndinatsala pang'ono kukuwira munthu wosalakwa kuti ndi wakuba, chifukwa cha liwu limodzi lokha. Mayi wina anaima pa benchi yanga, n'kunyamula nsapato za mwana, kuzitembenuzatembenuza, kenako n'kunena kuti, “Ndinoda kutenga idzi.” Ine m'khutu mwanga munangolowa kutenga. Kutenga bwanji, zaulere? Ndinamutsomphola nsapato zija m'manja, nkhope nditaumitsa. Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kudumphira pa benchi ina.

Amayi a benchi yoyandikana ndi yanga, amene ankagulitsa mabeseni ndi ndowa, anaseka mpaka misozi. Atapuma anati, “Mwana wanga, wathamangitsa ndalama ndi manja ako. Uja amalankhula Chishona. Kwawo kutenga ndiko kugula.” Ndinachita manyazi tsiku lonse, mutu uli pansi ngati ndikufunafuna singano.

Papita zaka 14 tsopano ndikugulitsa nsapato za ana ndi zikwama pamsika umene ukangoima mphindi zochepa umamva zilankhulo zinayi kapena zisanu. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo palibe chilankhulo chachilendo chimene ndinganene kuti ndimachidziwa bwino. Ndikulemba izi chifukwa amayi ambiri amene amafuna kuyamba geni pamisika yotereyi amandifunsa funso limodzimodzi, kuti kodi ayambe aphunzira chilankhulo kenako adzayambe malonda? Ine ndimawauza kuti akadikira zimenezo mpamba udzathera m'nyumba. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pamsika chilankhulo chili ndi ntchito zingapo zosiyana, ndipo ntchito iliyonse ili ndi chida chake. Moni ndi kuseka zimafuna chilankhulo cha kasitomala, ngakhale chokhotakhota. Nambala ndi nthawi sizifuna chilankhulo cha wina aliyense, zimafuna cholembera.

Ndiyambe ndi moni, poti ndiye wosavuta. Amayi a mabeseni aja ndiwo anandiphunzitsa. Iwo ankalankhula Chiyao kunyumba, Chichewa ndi ife, ndiponso Chipwitikizi chokwanira kugulitsira ndowa. Anandiuza kuti ndigule kope laling'ono, chilankhulo chilichonse ndichipatse tsamba lake, ndipo patsambapo ndilembe zinthu zochepa chabe: moni, zikomo, kufunsa mtengo, kunena kuti chadula, ndi kutsanzikana. Wa Chitumbuka ndimati “Muli uli?” ndipo akagula ndimati “Yewo.” Wa Chibemba, “Muli shani?” ndi “Natotela.” Wa Chiyao, “Ali uli?” Wa Chiswahili, “Karibu dada.” Pamathera pomwepo, zotsalazo timapitiriza m'chilankhulo chilichonse chimene tonse awiri tikukwanitsako. Koma nkhope ya munthu imasintha. Amene amadutsa akuyang'ana kutsogolo amaima, amaseka katchulidwe kako, amakukonza, ndipo munthu amene waima n'kukukonza amakhala wagwira kale nsapato m'manja.

Musaope kusekedwa. Ine ndinakhala pafupifupi chaka chathunthu ndikuuza makasitomala a Chipwitikizi kuti “obrigado,” mpaka mayi wina anandigwira dzanja n'kundiuza kuti liwu limenelo amanena ndi mwamuna, mkazi amati “obrigada.” Chaka chonse ndinkathokoza ngati bambo, ndipo nsapato zinkagulidwabe.

Chimene chimapweteka ndi kulosera molakwika. Poyamba ndinkangoyang'ana nkhope kapena kavalidwe n'kuponya moni wa chilankhulo chimene ndaganizira. Ena ankangoseka, koma ena zinkawakhudza, chifukwa nkhani ya mtundu si yaing'ono kwa aliyense, ndipo pali anthu amene safuna kuti msika wonse udziwe kumene achokera. Masiku ano ndimayamba ndi moni wamba, khutu nditatchera. Munthu amadziulula yekha, mwina podzudzula mwana amene wabwera naye, mwina poyankha foni, mwina pong'ung'udza kwa mnzake kuti chinthu chadula. Ndikamva ndiye ndimalowa.

Za nambala ndi nthawi ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinataya ndalama zenizeni.

Nditakulitsako mpamba ndinayamba kukapikula ndekha katundu ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, kumsika wa Kariakoo. Dzina lenilenilo la Kariakoo ndi Chingerezi chopindidwa, linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye mukuona kuti kupinda mawu pamalo pamenepo sikunayambe ndi ife. Chiswahili chimanyenga munthu wa Chichewa chifukwa chimamveka ngati chachibale. Nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, tatu ndi zitatu, kumi ndi khumi. Umayamba kudzimva kuti wafika. Kenako wina akufunsa kuti “Unauza?” iwe n'kumadabwa kuti ndinauza ndani chiyani, pomwe iye akufunsa ngati ukugulitsa, pakuti kuuza kwawo ndiko kugulitsa. Ukamva “mbali” usayang'ane kumbali, akukuuza kuti ndi kutali.

Pa ulendo wanga wachiwiri ndinapangana ndi munthu wa lole kuti anditengere makatoni anga. Anandiuza kuti, “Njoo saa nne.” Ndinkadziwa kuti nne ndi zinayi, ndiye ndinagwedeza mutu monyadira, osafunsanso wina. M'mawa ndinazungulira m'mashopu mtima uli m'malo, ndipo 4 koloko madzulo ndinafika ndi anyamata ondinyamulira katundu. Pamalo paja panali mafuta odontha okha pansi. Lole inali itanyamuka kalekale. Ndinayamba kulalata m'Chichewa, mlonda wa pamalopo akungondiyang'ana, mpaka mayi wina wogulitsa pafupi anandikhazika pansi n'kundionetsa wotchi ya pamkono pake.

M'Chiswahili tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa ndi saa moja, ola loyamba. 8 koloko ndi saa mbili. 12 koloko masana ndi saa sita. Choncho saa nne imene anandiuza ija inali 10 koloko m'mawa. Mayi uja anandionetsa njira yachidule imene sindinaiwale mpaka lero: ukamva nambala, yang'ana nambala yoyang'anizana nayo pa wotchi. Moyang'anizana ndi 4 pali 10, moyang'anizana ndi 2 pali 8. Wa lole uja sanandinamize, wolakwa ndinali ine, ndipo kulakwako kunandigoneka masiku atatu owonjezera ku nyumba ya alendo, ndikudya mpamba. Onjezani apo kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndiye ngati foni yanu sinasinthe yokha mukhala mwachedwa kawiri.

Chichokereni tsiku limenelo, nthawi iliyonse imene ndapangana ndi munthu ndimamupatsa kope kuti alembe, kenako ndimaloza pa wotchi, iye n'kuvomera. Ena amandiona ngati wovuta. Zilibe kanthu.

Nambala za katundu nazo n'chimodzimodzi. Ife a Chichewa tinazolowera kuwerenga m'Chingerezi, poti kunena kuti makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu kasitomala akhala atapita. Koma m'phokoso la pamsika, kapena pa foni, fifitini ndi fifite zimamveka ngati chinthu chimodzi, sikisitini ndi sikisite chimodzimodzi. Mnzanga wina anaitanitsa madazeni 15 a masokosi pa foni, kunabwera 50, ndipo anakhala nawo miyezi. Chilankhulo chilichonse chili ndi misampha yake yotere. M'Chiswahili sita ndi 6 pomwe tisa ndi 9, sitini ndi 60 pomwe tisini ndi 90, ndipo munthu wotopa ndi ulendo amazitembenuza mosavuta. Mawu amenewa, pamodzi ndi saba amene ndi 7, anachokera ku Chiarabu, n'chifukwa chake khutu la Chichewa lilibe pogwira. Palinso laki, kutanthauza 100,000, liwu limene amaliponya mwachangu ngati aliyense anabadwa nalo. M'Chipwitikizi sessenta ndi 60, setenta ndi 70, kusiyana kwake kakang'onong'ono. Ndiye ine ponenerera ndimalankhula, ndimaseka, ndimadandaula kuti ana ali ndi njala, zonsezo m'chilankhulo chosakaniza. Koma tikafika pa nambala ndimatulutsa foni, ndimalemba nambalayo, ndimamuonetsa. Iye amafufuta, amalemba yake. Timapatsirana choncho mpaka tigwirizane, ndipo nambala yomalizayo imalowa m'kope iye akuona.

Ngakhale zili choncho, nambala ziphunzireni, osati kuti muzizilankhula koma kuti muzizimva. Maulendo oyamba ndinkayenda ndi mnyamata wina womasulira, mmodzi wa madobadoba amene amakuchingamira ukangotsika basi, Chichewa chili bwinobwino, ulemu wosaneneka, “mayi, mayi” pakamwa posachoka. Ndinkamulipira yake ya tsiku, ndipo ndinkamuthokoza kuti akundithandiza kutsitsa. Usiku ku nyumba ya alendo ndinkaloweza nambala kuchokera m'kope, osamuuza. Tsiku lina tili m'shopu ndinamva mwini katundu akunena tano, kutanthauza zisanu, momveka bwino, mnyamata uja n'kutembenukira kwa ine kuti, “Akuti seveni mayi, koma ndayesetsa.” Sindinakangane naye. Ndinangotulutsa foni, kulemba 5, n'kuonetsa mwini shopu. Anagwedeza mutu kuvomera. Mnyamata uja anayamba kuyang'ana kudenga. Ndikawerengera maulendo onse amene tinayenda limodzi, mutu umandiwawa mpaka pano.

Sindikunena kuti omasulira onse ndi akuba, ayi. Alipo okhulupirika, ndipo pa nkhani zovuta monga katundu akagwidwa pachipata kapena mafomu olembedwa m'chilankhulo chimene simuchiwerenga, mumamufunadi munthu. Koma womasulira amene akudziwa kuti nambala mumazimva amamasulira mosiyana ndi amene akudziwa kuti ndinu gonthi.

Kumva kuposa mmene umalankhulira kuli ndi phindu linanso. Tsiku lina nditalipira kale, ndinamva bambo wa shopu akuuza wantchito wake chapansipansi kuti, “Mpe vile vya zamani,” kutanthauza kuti andipatse zakalekale zija, nsapato zimene zinakhalitsa mpaka guluu anayamba kumatuka. Ndinangoti, “Hapana kaka, nataka vipya.” Ayi achimwene, ndikufuna zatsopano. Bambo uja anaseka kwambiri, n'kunena kuti kani ndine mwenyeji, munthu wa pompo, ndipo chiyambire pamenepo amandisankhira yekha katundu wabwino. Mawu anayi okha, otchulidwa mokhota.

Koma mpeni umenewu umacheka mbali zonse, ndipo nanenso unandicheka. Panabwera mayi wina pa benchi yanga amene ankalankhula Chipwitikizi ndi mwana wake. Anayesa nsapato iyi, iyo, kubweza, kutenganso, pafupifupi theka la ola. Ine nditatopa ndinatembenukira kwa mnzanga n'kunena m'Chichewa kuti, “Awa angotitayitsa nthawi, ndalama alibe, taonani zimene avala kuphaziko.” Mayi uja anaika nsapato pansi mwaulemu, n'kundiyankha m'Chichewa chosalala kuposa changa kuti, “Ndalama ndili nazo achemwali, koma ndikagula kwina.” Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinali nditaiwala kuti chilankhulo chathuchi sichithera pa malire, chimalankhulidwa ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, kum'mawa kwa Zambia mpaka ku Lusaka, ndipo ku Zimbabwe aliko ambiri amene anachiyamwira kwa makolo awo. Amayi a mabeseni sanandikalipire. Anangoti, “Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.” Mayi uja amadutsabe pamsika pathu mpaka lero, amandipatsa moni bwinobwino, koma sanagulenso kwa ine ngakhale chingwe cha nsapato.

Pamsika wa zilankhulo zambiri palibe chilankhulo chachinsinsi. Ngati pali chimene mukufuna kuuzana ndi mnzanu, dikirani munthuyo achoke, kapena gwirizanani kachizindikiro. Ife tikaona munthu amene manja ake sakukhazikika timangofunsana kuti, “Kodi mvula ibwera?” ndipo aliyense amayang'anira katundu wake.

Pali nkhani ina imene amuna ochita malonda saiganizira kwenikweni koma ife imatikhudza tsiku ndi tsiku. Mkazi ukamalankhula chilankhulo chimene suchidziwa bwino umamveka ngati mwana, umaseka pafupipafupi pobisa manyazi, ndipo amuna ena kuseka kumeneko amakuwerenga molakwika. Wina amayamba ndi kukuphunzitsa mawu, mawa wayamba kukuitana mrembo, kutanthauza chiphadzuwa, mkuja akufuna nambala ya foni yoti si ya katundu. Ndinaphunzira kutchinga ndi ulemu womwewo. M'Chichewa ndimamukweza munthu kukhala “bambo,” “inu,” mawu onse aulemu wolemera, mpaka aone yekha kuti pakati pathu pali mpanda. Wina akayamba za “alamu” sindiyankha nthabwalayo, ndimabwerera pa nsapato. M'Chiswahili ndimamuitana kaka kapena baba, ndipo ngati ndi wamkulu ndimayamba ndi “Shikamoo,” moni wopatsa akuluakulu, iye n'kukakamizika kuyankha kuti “Marahaba” ngati kholo. Munthu amene wangokuyankha ngati kholo zimamuvuta kuti atembenuke nthawi yomweyo n'kuyamba zachibwana. Ndipo patsamba lililonse la m'kope langa ndinawonjezera mawu amodzi okana, olimba, oti ndiwanene osamwetulira. “Sitaki.” “Niache.” “Não quero.” Ndiko kuti sindikufuna, ndisiye, sindikufuna. Amenewa ndinawayeserera pagalasi mpaka atatuluka osanjenjemera.

Za ulemuzi zinandisokonezanso mbali ina. Ulendo woyamba kamnyamata kena, msinkhu wa mwana wanga, kanandiitana kuti “wewe,” ndipo ndinapsa mtima kuti kakunditcha iwe ine mayi wathunthu. Pambuyo pake ndinazindikira kuti m'Chiswahili munthu mmodzi ndi wewe basi, kaya ndi agogo, ulemu wawo amauika m'moni ndi m'mayina monga mama ndi dada. Ndiye wa Chiswahili amene akuphunzira Chichewa akakuuzani kuti “iwe, bwera,” musafulumire kukwiya, sakudziwa kuti watukwana. A Chiyao ndiye amapitirira ife, amakulankhula ngati akunena za munthu wina amene palibe, n'chifukwa chake moni wawo uja amati “Ali uli?”

Chinthu chimene chinanditengera nthawi yaitali kuchimvetsa n'chakuti makasitomala nawonso amadziwa kusewera ndi chilankhulo. Monga mmene ine ndimakokera munthu ndi moni wakwawo, iyenso amandikoka ndi wakwathu. Amayamba m'Chingerezi, akamva katchulidwe kanga amasintha, “Aa, kani ndinu akwathu! Ndiye tchipitsani achemwali, ndife amodzi.” Kutsitsa pang'ono kapena kuika basela sikupha geni. Chimene chimapha ndi ngongole, ndipo ngongole zonse zimene sizinabwezedwe m'kope langa ndinazipereka m'chilankhulo cha kunyumba. Munthu akakupempha m'chilankhulo chimene mayi ako ankakutonthozera nacho, liwu loti ayi limakanirira pakhosi. Amayi a mabeseni anali ndi njira yawo imene poyamba ndinkaiona ngati nthabwala. Ankacheza ndi munthu m'Chiyao, kufunsana za kumudzi, kuseka, koma munthuyo akangoti ndipatseni ndidzalipira kumapeto kwa mwezi, nkhope inkasintha, n'kuyankha m'Chingerezi chawo cha mawu atatu kuti katundu si wawo, ndi wa abwana. Abwanawo kunalibe. Anandiuza kuti, “Mwana wanga, Chingerezi chilibe m'bale.” Ndinatengera, ndipo chimagwira ntchito, ngakhale kuti nthawi zina ndikamachita ndimadzimvera chisoni ndekha.

Mafoni asintha zambiri. Pano katundu wambiri ndimaitanitsa pa WhatsApp, ndipo lamulo langa ndi lomwe lija: moni ndi kucheza ndimajambula mawu, koma kuchuluka kwa katundu, masaizi ndi tsiku ndimalemba manambala, n'kutumizanso chithunzi cha nsapatoyo. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, ndipo imathandiza kumva mutu wa nkhani wina akakulemberani uthenga wautali, koma sindingaidalire pa pangano la ndalama, chifukwa mawu a pamsika ndi odulidwadulidwa, osakanizika, ndipo makinawo amawatembenuza mwa njira yake. Mu 2019 atsogoleri a SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, anavomereza Chiswahili kukhala chilankhulo chachinayi chogwirira ntchito m'bungwelo, kuwonjezera pa Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi. Titamva pa wailesi tinaseka pa benchi, kuti akuluakulu afika mochedwa, ife tinayamba kale opanda msonkhano.

Amayi a mabeseni anapuma geni zaka zitatu zapitazo, miyendo inayamba kuvuta, ndipo benchi yawo pano pali mtsikana amene ndikumuphunzitsa monga anandiphunzitsira ine. Kope langa ndi lachitatu tsopano. Tsamba latsopano kwambiri ndi la Chirundi, chilankhulo cha ku Burundi, ndipo lili ndi mizere itatu yokha: “Amahoro,” umene ndi moni, “Murakoze,” zikomo, ndi “Ni angahe?” pofunsa kuti zingati. Akundiphunzitsa ndi mayi wina amene amabwera mwezi ndi mwezi kudzagulira ana ake anayi, ndipo tinapangana kuti liwu limodzi lake, liwu limodzi langa. Sabata yatha anandibwereza “Murakoze” kanayi konse, akuti r wanga akumveka ngati l, mpaka anagonja n'kungoseka. Kenako inafika nthawi yanga yobweza. Ananyamula nsapato zakuda za sukulu, n'kundifunsa m'Chiswahili kuti kodi punguza, kunena kuti tsitsani, m'Chichewa amati chiyani.

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana nsapato zija, n'kumuuza kuti limenelo ndi lovuta kutchula, ndidzamuphunzitsa mwezi wamawa akalipira kaye izi.